Maso a Nkhono pa Madigiri 20

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Sananame, koma anatibisira kanthu: kudekhako ndi kwa mphindi zingati? Funsoli linandipeza nditalandira kamera ya malemu amalume, aja ankazungulira Bembeke yense pa njinga kujambula maukwati ndi maubatizo kumishoni. Nanenso ndinati ndizitsuka ndekha mafilimu a zithunzi zopanda mtundu, zakuda ndi zoyera basi.

Mankhwala otsukira filimu ali ngati Sobo, nkhani yagona pa madzi. Tiyerekeze ndi ID-11 wa Ilford pa filimu ya HP5 Plus. Mukamuthira osasungunula, muja achitira mwana mayi ake akapita kuchigayo, mphindi 7 ndi theka zakwana. Madzi akalingana ndi mankhwala mudikira mphindi 13. Koma mukatengera azakhali aja amene botolo limodzi limamwetsa mudzi wonse pa Khirisimasi, kapu imodzi ya mankhwala pa makapu atatu a madzi, khalani pansi, ndi mphindi 20. Kuumirako sikupita pachabe: mizere ya pachithunzi imatuluka yakuthwa, kungoti timchenga take timaonekerako. Ndiye pali Rodinal, nkhalamba ya mu 1891, imene ena amaithira muyeso umodzi pa miyeso 100 ya madzi n'kuisiya phee ola lathunthu. Mutha kupita kukakumba kachewere, n'kutsutsana mtengo ndi ogula pamsewu wa M1, pobwera n'kupeza ikadali pantchito.

Chovuta n'chakuti amene analemba manambalawa ankanena za madzi a madigiri 20. Anthu amenewo sanasambepo kwathu kuno mu June. Tsiku langa loyamba ndinatunga madzi pamjigo m'mawa kuli nkhungu, ozizira ochita kuluma zala, n'kuwerenga mphindi 13 zanga mokhulupirika ngati wa katekisimu. Kodi ndinkadziwa kuti mankhwala nawo akazizidwa amakana kudzuka? Digiri iliyonse ikatsika, nthawi imafunika kuwonjezera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Filimu ya ukwati wina inatuluka yotumbuluka, mkwati ndi mkwatibwi ngati mizukwa iwiri yogwirana manja. Eni ukwatiwo mpaka lero tikakumana amangondipatsa moni wa pamphuno.

Ulendo wachiwiri ndinati mwambi uja ndiutsate mpaka kumapeto. Ndinafunditsa madzi pa mbaula, kuthira, n'kudekha. Kudekha ndithu, mpaka kumwa tiyi makapu awiri. Filimu inada bii, ndipo posindikiza diresi la mkwatibwi linangoyera mbee ngati ufa woyanika pamphasa, batani ngakhale limodzi osaoneka. Apa akuluakulu aja ndikanawapeza ndikanawafunsa bwino, chifukwa nkhono yawo sanatiuze kuti imapserera.

Tsopano ndili ndi wotchi, choyezera kutentha, ndi beseni la madzi ofunda loviikamo kachitini kanga kotsukiramo filimu. Sabata yatha ndili mkati motsuka, mwana wa mlongo wanga anatola nkhono pa kabichi kudimba, n'kuitembenuzira foni, n'kutambasula zala ziwiri pagalasi.

"Amalume, masowo si awa? Ali kunsonga kwa nyanga."

"Iwe, choka apa," ndinatero. Zinali zitatsala mphindi 9, ndipo kachitini kamafuna kukatembenuza kanayi mphindi iliyonse. Anajambula nkhonoyo, n'kundijambulanso ine nditatong'olera maso pa wotchi, n'kutumiza zonse ziwiri pa gulu la WhatsApp la kubanja. Azakhali anafunsa kuti nkhono ndi iti.