Chitenje chodziwa pomasukira

Ku Egypt kuli gule wa pasiteji wotchedwa melaya leff. Wovina amalowa atadzikulunga chinsalu chakuda, n'kumachivundukula ndi kuchifundanso mwamatama, kutsanzira mayendedwe a akazi a ku Alexandria. Guleyu anatchuka ndi gulu la Mahmoud Reda lomwe linayamba mu 1959, ndipo oonera amalipira pakhomo.

Kwa Mfumu Dambe ku Mchinji zoterezi n'zaulere, bola pakhale ukwati pa Kapiri.

Ng'oma ya chimtali ikangolira, amayi amazungulira bwalo, aliyense atamanga chitenje m'chiuno kuti kudukula kuoneke bwino. Koma sipalephera kukhala mayi mmodzi amene chitenje chake chimamasuka. Chodabwitsa n'chakuti sichimasukira kumbuyo kuja kuli ana ndi agalu ayi. Chimaleza mtima mpaka mwini wake afike pamaso pa wojambula vidiyo. Pamenepo mayiyo amachitambasula mbali zonse ziwiri, mosapupuluma, mapazi ali jijiriji, kuti mudzi wonse uone kuti nsaluyi inadutsa pachipata cha Mwami kuchokera ku Chipata. Anzake nthungululu zili pakamwa, maso ali m'mphepete mwa nsalu kusakasaka dzina la fakitale. Pofika Lolemba, kuchigayo mlandu umakhala utagamulidwa kale: ndi chobwereka kwa alamu awo.

Ndiye ifike nthawi ya perekaniperekani. Chitenje chomasuka chokha chija, kamfundo ka kunsonga kosungira ndalama kamakana kwamtuwagalu. Mayi amalimbana nako ndi zala, kenako ndi mano, akuvinabe mwaulemu, mpaka nyimbo ya a kuchikazi itatha. Kamamasuka bwinobwino madzulo pogula mandasi.

Zitenje za ndale nazo zili ndi mwambo wake. M'masiku a Kamuzu, Mbumba inkavina itavala nkhope imodzi basi. Kuchokera pa chisankho cha 1994 masutikesi anayamba kudzaza: chachikasu cha UDF, cha buluu cha DPP, cha tambala wakuda cha MCP, zonse zopindidwa pamodzi popanda kukangana. Mayi wochenjera amavina pamsonkhano wa m'mawa, n'kukuta china pamwamba kuthamangira wa masana. Tsiku limenelo wojambula angaime pafupi chotani, chitenje cha pamwamba chimamangidwa mfundo ziwiri, ndi chingwe chomwe.