Nyumba yanzeru ya ku Wusakile

Ku Wusakile kwafika fasho ya "nyumba yanzeru". Mnyamata akangolandira malipiro oyamba ku mgodi, chitenje cha amayi ake chimayamba chadikira. Amathamangira mababu oyatsa pa foni, kamera ya pageti ndi kachipangizo kamene amati kamamvera mawu a mwini nyumba.

Kamamveradi, koma Chingerezi chokha. Chibemba sikamva, Chinyanja ndiye musanene. Agogo amene anachoka ku Chipata kalekale kudzakumba kopa ku Nkana akati "zimitsa nyali", iko kamangoti duu. Basi aitane mdzukulu, mdzukuluyo asake foni, foniyo isake netiweki, zonsezi kuti babu lizime, pomwe swichi ili pakhoma pafupi ndi chigongono cha agogowo.

Nzeru zimenezi zimadyanso magetsi ndi bandulo. Mu 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lonse. Zikatero rauta imagona, kamera nayo imagona, wanzeru pakhomo amatsala galu.

Za kamera ndiye kutaya ndalama. Nyumba za m'komboni muno n'zoyandikana, ndipo amayi a khomo linalo amadziwa amene walowa, nthawi imene watuluka, ngakhale zimene zinali m'jumbo mwake. Safuna bandulo, sazima, ndipo lipoti lawo limafika kumsika inu musanadzuke.

Amene mwatsimikiza mtima, yambani mwagula sola ndi batire. Babu lomva Chingerezi lidzabwera pambuyo.