Asunga Wotchi, Nanga Msika?

Ndithandizeni akuluakulu, inu amene munapita patali ndi sukulu. Yandizunguza mutu ndi nkhani ya msika wina wa ku London, m'dera la Poplar, wotchedwa Chrisp Street. M'chaka cha 2017 boma la kumeneko linalemba nsanja ya wotchi ya pamsikawu, pamodzi ndi bala yotchedwa Festival Inn, m'kaundula wa nyumba zosaloledwa kugumulidwa mwachisawawa. Nsanjayo inamalizidwa mu 1952. Funso langa loyamba ndi lachibwana ndithu: kodi chinthu cha 1952 ndi chakale?

Ndikufunsa chifukwa alipo anthu obadwa chaka chimenecho chisanafike amene mpaka lero akupalasa njinga kupita kuchigayo. Ine ndikamva za nyumba yosungidwa, maganizo amathamangira ku Mandala House ya 1882, kapena tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre chomwe chinatha kumangidwa mu 1891. Zimenezo sindingatsutse. Koma mashopu a njerwa ndi simenti, pomwe anthu amagula nsomba, anyezi ndi matewera a ana?

Odziwa akuti ku England nyumba ikakwanitsa zaka 30 ikhoza kuyamba kuganiziridwa. Ndiye kuti yomangidwa mu 1994, chaka chomwe a Muluzi analowa m'boma, yafika kale pamzere. Akutinso zaka pazokha sizokwanira, pamafunika kuti nyumbayo ikhale ndi nkhani yake. Chabwino, nkhani ya Chrisp Street ilipo, ndipo ndi yomveka.

Poplar ili pafupi ndi madoko a mtsinje wa Thames, choncho pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndege za Germany zinaponyapo mabomba osati masewera. Nkhondo itatha, dziko la Britain linakonza chionetsero chachikulu cha 1951, Festival of Britain, chofuna kulimbitsa mitima ya anthu otopa ndi nkhondo komanso kupereweredwa. Mbali ina ya chionetserocho inali dera lenileni lokhalamo anthu, la nyumba, sukulu, matchalitchi ndi msika, kuti alendo azidzaona ndi maso momwe mizinda ya mawa idzakhalire. Deralo analitcha Lansbury pokumbukira George Lansbury, mtsogoleri wa ku Poplar amene mu 1921 analowa m'ndende pamodzi ndi makhansala anzake pokana kuti dera la amphawi lizisenza misonkho yolemera. Mapulani a msika anajambula ndi Frederick Gibberd, yemweyo amene anakonza tawuni ya Harlow ndi tchalitchi chachikulu cha Akatolika ku Liverpool.

Chachilendo chake chinali chiyani? Msika wa Chrisp Street unalipo kale kuyambira nthawi ya Mfumukazi Victoria, koma unali wa mumsewu, mabenchi ndi ngolo zili mbali ndi mbali. Gibberd anawachotsa amalondawo mumsewu n'kuwaika pabwalo lopanda galimoto. M'mbali mwa bwalolo anaikamo mashopu okhala ndi khonde lalitali loti mvula ikagwa wogula asanyowe, ndipo pamwamba pa mashopu anaika nyumba zogona. Akuti ku Britain konse aka kanali koyamba kumanga dala malo ogulitsira a anthu oyenda pansi okhaokha. Lijnbaan ya ku Rotterdam, yomwe imatchuka pa zomwezi, inatsegulidwa mu 1953, ndipo nayonso boma la Netherlands linaiteteza mu 2010.

Apa ndiye mutu wanga wayamba kutentha. Anthu a 1951 aja sankafuna zakale. Ankafuna kuwala, mpweya, ukhondo, ndipo zambiri zimene mabomba anasiya iwo anamalizitsa ndi manja awo. Lero zidzukulu zawo zikuti chimene munamanga pothawa zakale chija tachilemba kuti ndi chakale, musachikhudze. Kodi Gibberd akanadzuka akanathokoza, kapena akanafunsa kuti bwanji simukumanga zanu?

Funso lina: amasankha ndani? Bungwe la Historic England limafufuza n'kupereka malangizo, ndipo nduna yoona za chikhalidwe ndiyo imavomereza. Magulu alipo atatu, Grade I, Grade II* ndi Grade II, ndipo pa nyumba 10 zilizonse za m'kaundula, pafupifupi 9 zili m'gulu lomalizali, momwenso muli nsanja ndi bala zija. Mwini nyumba yotere akafuna kusintha zinthu zimene zimaipatsa maonekedwe ake amayenera kupempha chilolezo ku khonsolo, ndipo kuchita popanda chilolezo ndi mlandu. Nanga denga likadontha amakonza ndani? Mwini wake. Ndiye chinthu ndi cha mtundu wonse pochinyadira, koma pa bilu ya mmisiri chimabwerera kwa munthu mmodzi? Mwina pali chilungamo chake chimene ine ndikuchiphonya.

Koma chimene chikundisowetsa tulo kwenikweni ndi ichi. Pamsika ponse paja, zolembedwa paderazo ndi nsanja ndi bala. Nsanjayo ndi yokongola, sindikukana: njerwa ndi simenti zolukana, ndipo anaimanga kuti anthu azikwera kukaona mzinda ali pamwamba. Koma ndani anachokapo kunyumba ndi chikwama kukagula nthawi? Anthu amapita ku Chrisp Street chifukwa cha masamba otsika mtengo, nsalu, nyama ndi zokometsera ndiwo. Ambiri mwa ogula ndi ogulitsa masiku ano ndi a mabanja ochokera ku Bangladesh, amene pa mapulani a 1951 panalibe amene ankawaganizira. Tsono tikamati tikusunga msika, tikunena uti? Wa pa pepala la Gibberd, kapena uwu wonunkhira tsabola ndi nsomba?

Mashopu oyambirira aja ali m'dera limene khonsolo inalitcha lofunika kusamalidwa, choncho nawonso ali ndi kachitetezo kawo. Komabe mu 2018 khonsolo ya Tower Hamlets inavomereza pulani ya bungwe la nyumba la Poplar HARCA ndi kampani ya Telford Homes yomanganso malowa: nyumba zogona zoposa 600, malo oonetsera kanema, mashopu atsopano, nyumba za 1951 n'kuzisiya pakati. Amalonda ambiri anadandaula. Ena ankaopa lendi, ena kusowa malonda nthawi yomanga, ndipo ena ankalira malo oimika galimoto. Apa ndinaseka pang'ono, pepani. Msika wotchuka chifukwa chothamangitsa galimoto, eni ake akuti opanda galimoto za makasitomala sitidya. Ndani akuudziwa bwino msikawu, wolemba mbiri kapena wogulitsa mpunga wa matumba?

Ndamva kuti lamulo loteteza nyumba limagwira makoma, mawindo ndi maonekedwe. Silinena kuti m'shopu muzigulitsidwa chiyani, kapena kuti lendi ikhale ndalama zingati. Canary Wharf, kumene kuli mabanki a nsanja zagalasi, ili pafupi moti munthu atha kuyenda wapansi. Malo otere mtengo wake sugona. Ndiye n'zotheka kuti njerwa iliyonse ya 1951 ikhalepo bwinobwino, koma m'kati mwake muli khofi amene mayi wa ana anayi wa pa Lansbury sangamuyandikire? Kodi sikuli ngati kumata nkhokwe chaka ndi chaka chimanga chitapita kwina?

Musandimve molakwa, sindikuti kulembako n'kopanda ntchito. Tsidya lina la Thames kunali malo ogulitsira a Elephant and Castle, otsegulidwa mu 1965. Iwo sanalowe m'kaundula. Anatsekedwa mu September 2020 n'kugumulidwa, ndipo amalonda ake, ambiri ochokera ku Latin America, anabalalika, ena n'kupatsidwa malo kwina, ena ayi. Kumeneko kunapita zonse, makoma ndi anthu omwe. Ku Poplar makoma atsala, ndipo omanga akakamizika kuzungulira bwalo lija m'malo molimeza. Chimenecho ndi chinthu ndithu, ndavomera.

Koma tiyerekeze kuti ntchito yatha, wotchi yapentedwa ndipo ikuyenda bwino. Bambo amene wagulitsa masamba pansi pake kuyambira ali mnyamata walandira kalata yoti lendi yakwera kuposa zimene amapeza. Atenge kalatayo apite nayo ku Historic England, akanene kuti nayenso ndi mbali ya malo otetezedwa. Kodi kumeneko akamuuza kuti alowe chitseko chiti?