Tsiku limodzi ndi kanema wa mpunga ku Nkolokosa

Anzathu anayamba kalekale. Ku Salisbury, komwe lero timati Harare, wailesi ya kanema inayamba mu 1960, ndipo ku Kitwe m'dziko la Zambia mu 1961. Ife kuno Ngwazi sinafune zimenezo. Zaka zoposa 30 tinkangomvera MBC, nkhope za oulutsa mawu n'kumaziumba tokha m'mutu. Pamene Television Malawi inkatsegulidwa mu 1999, nthawi ya a Bakili Muluzi, zithunzi zake zinali zamitundu kale. Lakuda ndi loyera linali thumba la bambo anga.

Komanso tsiku lotsegulira linali 1 April. Bambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Tsiku lopusitsana limenelo? Apusitse ana, ine ndakula." Patatha milungu itatu ana awo tonse tikugonera pawindo la aneba, anabwera ndi katoni paphewa. M'katimo munali kakanema ka ku China, kotalika ngati ndowa yaing'ono. Tsiku lake linkayenda motere.

M'mawa: kutsuka mapazi

Masiku oyambawo kanema sankaulutsa tsiku lonse, ndiye m'mawa kachipangizo kathu kankagona kafunda nsalu yoluka, pamwamba pali maluwa apulasitiki. Komabe ntchito inkayamba m'mawa. Ana a mzere wathu wonse, ena ochokera ku Chitawira, ankasanduka aulemu mwadzidzidzi. Wina akusesa pabwalo, wina akulandira mayi chidebe chamadzi. Lamulo la mayi linali limodzi: wosasamba mapazi saonera. Aphunzitsi analephera ndi ndodo kwa zaka zambiri, kakanema kanatha m'sabata imodzi. Mayi wina anabwera kudzathokoza: "Anzanga, mwana wanga uja ndinali nditaiwala kuti zidendene ali nazo."

Masana: mizere

Ikamayandikira nthawi, pagalasi pankabwera mizere yoimirira, yosayenda, yosayankhula. Kwa olemera inali yamitundumitundu. Kwathu inkayamba yoyera, kenaka yaphulusa, kenaka yaphulusa kwambiri, mpaka yamakala. Tinkaionera ola lathunthu osaphethira. Mng'ono wanga anapita kukamwa madzi, pobwera anafunsa ali wefuwefu: "Ndaphonya chiyani?"

Pambali panali chopotokola cha manambala ambirimbiri, koma siteshoni inali imodzi yokha. Mukapotokola mumangopeza mpunga, timadontho tija tothamangathamanga, tophokosera ngati mvula padenga la malata. Amalume athu, mtchona wa ku Bulawayo, ndiwo anali katswiri. Anati kumeneko ana otsiriza kubadwa ndi amene amatumidwa kukasintha siteshoni. Mng'ono wanga anakhala chire pafupi ndi chopotokolacho chaka chonse, ntchito osaipeza. Ndiye lova woyamba m'banja mwathu.

Chakumadzulo: eriyo

Nyumba youlutsira inali pa Kwacha pomwepa, mtunda woti mwana ungamutume mchere n'kubwera ndiwo zisanapse. Koma eriyo yathu inali nsungwi yaitali, kumapeto kwake amalume atamangirira waya ndi chivundikiro cha poto. Mphepo ikangowomba kuchokera kuphiri la Soche, munthu pagalasi ankasanduka anthu atatu. Apo mchimwene ankakwera padenga.

"Pamenepo?"

"Bwererani pang'ono!"

"Pano?"

"Eyaa! Musasunthe, achimwene! Musapume!"

Chithunzi chinkawala pokhapokha iwo atagwira nsungwiyo. Akasiya, mpunga. Mchimwene anatha zaka ziwiri akumvera kanema kudzera m'malata. Mpaka lero ukawafunsa za mapulogalamu a nthawi imeneyo amakuuza za nyenyezi ndi mileme.

Nthawi ya nyimbo

Ikakwana nthawi ya oyimba, a Lucius Banda, a Mlaka Maliro, a Billy Kaunda ndi makwaya ovina pakati pa maluwa, mkangano unkabuka pakati pa mayi ndi azakhali. Nkhani yake inali ya zovala. Mayi akuti diresi la woyimba kutsogoloyo ndi lobiriwira, azakhali akuti ndi lofiira, onse akuloza phulusa lomwelo. Pofuna kuthetsa nkhondo, bambo anagula pepala lapulasitiki lomata pagalasi: kumwamba labuluu, pakati lofiirira, pansi lobiriwira. Pakaoneka munda zinkayenda bwino. Koma pakaoneka munthu, tsitsi linali labuluu, mphuno yofiira, jekete ngati nkhwani. Mlendo wina wochokera ku Thyolo anayang'ana kwa kanthawi n'kunong'ona: "Kodi matenda amenewa ayamba liti m'tauni muno?"

Nthawi ya nkhani

Agogo aakazi sankamukonda wowerenga nkhani. Tsiku loyamba anamulonjera, iye osayankha. Lachiwiri anamuitanira nsima, iye n'kumangoyankhula zake. Lachitatu anaweruza mlandu: "Mwana ameneyu analeredwa kuti? Tsiku lililonse amafika nsima ili pa mphasa, ukamuitana akukana, koma maso ali pa mbale."

Kenaka panaoneka msonkhano wa ndale. Chikasu cha UDF pa kanema wathu chinkaoneka choyera mbee. Agogo ataona amayi mazanamazana atavala zoyera, mipango kumutu, anakhala bwino n'kupinda manja, poyesa ndi amayi a Mvano. Ng'oma italira, amayi aja n'kuyamba kudula chiuno, agogo anagwira pakamwa. "Mayo ine! Abusa a mpingo umenewu ali kuti?"

Loweruka: mpira

Apa ndiye panali chipwirikiti. Bullets (Maule) imavala zofiira, Wanderers (Manoma) zabuluu, ndipo aliyense pa Chichiri Stadium, monga linkatchedwira bwaloli masiku amenewo, ankaona kusiyana kwake. Kwathu anali anthu 22 ovala phulusa akuthamangitsa kadontho koyera pakati pa timadontho tina zikwizikwi. Aneba athu, Manoma enieni, anadumpha chigoli chitalowa, anavina mpaka kugwetsa mpando, anatuluka kukauza mzere wonse. Pobwerera anapeza bambo, a Maule kuyambira ali mwana, akuwadikira ndi kapu ya tiyi. "Khalani pansi, achimwene. Zikomo potisangalalira."

Magetsi akathima, tinkathamangira batire ya galimoto. Batire ikamafooka, chithunzi chinkafota pang'onopang'ono, osewera n'kufupika, bwalo n'kuchepa, mpaka mpira wonse unkaseweredwa pa malo ngati bokosi la machesi. Anthu 30 tinkasendera kutsogolo, mitu kugundana, ngati nkhuku pa chimanga.

Usiku: sewero

Izeki ndi Jakobo akaoneka, ngakhale mchimwene padenga ankaseka, eriyo n'kugwedezeka. Koma Tikuferanji inali yovuta kuonera ndi makolo, chifukwa inkakamba za Edzi mosapsatira. Nkhani ikangolowera kuchipinda, bambo ankagwidwa ndi chifuwa. "Iwe, kanditungire madzi. Iwenso, kamuthandize." Usiku umodzi ana asanu ndi awiri tinatumidwa kukatunga kapu imodzi yamadzi.

Mayi ankati akaona Manganya wa mu Tikuferanji akuchita zake, ankapukusa mutu: "Bambo ameneyu adzatha bwanji?" Mu June 2024 a Michael Usi, Manganya yemweyo, analumbiritsidwa kukhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko. Ndinawaimbira mayi kuwakumbutsa. Anati: "Ndinkaonera pa mpunga, mwananga. Sindinkamuona bwino."

Potseka

Patapita zaka tinagula kanema wamitundu, banja lonse n'kukhala pansi kuti mlandu wa madiresi uthe. Inabwera nyimbo yakale ija. Diresi silinali lobiriwira, silinali lofiira. Linali lachikasu. Mayi ndi azakhali anayang'anana, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anagwirizana: "Kanema watsopanoyu ndi wabodza."

Kakanema kakale kaja kakadalipo ku Nkolokosa, m'khitchini, amaikapo beseni la ufa. Ngati kwanu kuli mchimwene amene ankagwira eriyo padenga, sabata ino mumugulire Fanta. Ngongole imeneyo simunabweze.