Star Wars Idzatha Liti?

Amene akudikira mapeto a mafilimu a Star Wars ku Katete kapena ku Sinda apeze pokhala pabwino, chifukwa adikira mpaka imvi. Nkhaniyi inayamba mu 1977, ndipo mu 1983 Palpatine, mfumu yoipa ija, anafa aliyense akuona. Mu 2019 anangotulukira ali moyo, popanda n'kupepesa komwe kwa olira maliro. Chinamuukitsa sichobisika: mu 2012 Disney inagula Lucasfilm, kampani yopanga Star Wars, pamtengo woposa madola 4 biliyoni, ndipo ndalamazo ziyenera kubwerera. Ena anganene kuti nthano iliyonse imatha. N'zoona, komatu agogo a ku Vubwi amasiya nthano ana akaleka kuyankha kuti "tili tonse." Oonera akuyankhabe, ndipo akuyankhira m'thumba.