Gule Sanalakwe, Walakwa ndi Wojambula

Khalani pansi, adzukulu inu, mlandu uyambe. Mafoni onse pamphasa. Iwenso wometa mbali imodzi, khala.

Mwandionetsa kanema amene munajambula pabwalo tsiku la chiliza, ati agogo onani Kang'wingwi. Ndaona fumbi kobo, ndaona mtengo wa mango, ndaonanso chala cha mwini foni. Chilombo chenichenicho ndi chizimezime chokhachokha, miyendo yosawerengeka, mutu wosadziwika kumene waloza. Ndiye mukuti foni ndi yachabe, ndikagulitsa soya pa Msundwe ndikugulireni ina. Soya wanga walowapo bwanji?

Ine ndinkasenza kamera ya kaseti paphewa m'maukwati amayi anu asanathe msinkhu, choncho tcherani khutu. Kanema ndi zithunzi zotsatizana, 25 kapena 30 pa sekondi imodzi. Pa chithunzi chilichonse shata imatsegula n'kutseka ngati chikope. Ikatsegula kwa 1/50 ya sekondi, nthawiyo ndi yokwanira kujambula a mfumu akulankhula kapena mkwatibwi akuyenda monyang'wa. Koma mbalule ikalira, phazi la Kang'wingwi limakhala litachoka kale pamene linali shata isanatseke. Kamera imajambula njira yonse imene phazilo ladutsa, ndiye chizimezime chanu chija.

Mankhwala ake ali m'foni momwemo, ngati ili ndi malo olembedwa Pro, kumene simufikako chifukwa chala chinazolowera TikTok. Ikani shata pa 1/250 kapena 1/500, muona nthenga iliyonse payokha. Mpira ukamenyedwa mwamphamvu, kapena njinga yamoto ya kabaza ikamadutsa pamsewu wa ku Mchinji, kwezani mpaka 1/1000.

Musadumphe ndi chimwemwe, sindinathe. Liwiro limeneli limalipiridwa ndi kuwala. Mukachoka pa 1/50 kupita pa 1/500, kuwala kolowa kumatsala gawo limodzi mwa magawo 10. Dzuwa lili paliwombo palibe vuto. Likapendeka, chithunzi chimada bii, ndipo mukakweza ISO kuti chiwale, chimadzaza timadontho. Mukanyanyanso kukweza shata, gule amaoneka ngati akudumphadumpha, kuvina kwake kwathawa. Usiku pansi pa mababu bwererani pa 1/50 kapena 1/100, poti magetsi a ESCOM amayenda pa 50 Hz ndipo manambala ena amachititsa kanema kuphethira. Mukafuna kudzaonetsa kuvinako pang'onopang'ono, jambulani zithunzi 60 pa sekondi, shata pa 1/125.

Mlandu wachiwiri ndi waukulu kuposa woyambawu. Munapempha ndani? Gule Wamkulu analemekezedwa ndi UNESCO mu 2005, anthu amachoka kutali kudzamuonera atavula zipewa. Inu ana a m'mudzi momwemuno mukulowa pakati pa bwalo, foni m'mwamba, kutchingira amayi oomba m'manja. Safunsa anadya phula. Yambani mwaonana ndi eni bwalo, akakana bwezani foni m'thumba, akalola imani pamene akuuzani.

Chigamulo nachi. Foni yatsopano kulibe. Mawa m'mawa mukatsegulire mbuzi, muzijambule zikuthamanga, koyamba pa 1/50, kachiwiri pa 1/500, mubwere mundiuze kusiyana kwake. Amene mbuzi yake ituluke ndi miyendo yopitirira inayi akanditungira madzi kumjigo sabata yonse.