Chinyama cha ku Karonga chandilanditsa nyama

Ife a pa Mulanje Boma tili ndi nthenda imodzi: matama. Mlendo akangotsika minibasi timamulozera Sapitwa, n'kumuuza kuti ndi mamita 3,002, ngati kuti phirilo tinaliunjika tokha ndi wilibala. Nthenda imeneyi ndinakwera nayo basi mpaka ku Karonga, kumene alamu anga anandiitanira chinkhoswe.

Nditawatopetsa ndi nkhani za tiyi ndi nanazi, alamu anangoti, "Tiyeni ku myuziyamu, mukapumitseko pakamwa."

Nyumbayi inatsegulidwa mu 2004. Ine ndinalowa manja ali m'thumba, poganiza kuti ndikaona miphika yosweka ndi makasu a makolo. Kungokweza maso, ndinapezeka ndili kumbuyo kwa alamu, chipewa chili m'manja. Chigoba cha chinyama, khosi ngati mlongoti, kutalika kwake minibasi ziwiri kundondozana!

"Napolo uja anathawira kuno?" ndinatero, mawu akunjenjemera. Ana asukulu amene anali pomwepo anaseka mpaka aphunzitsi awo kuwaopseza.

Mnyamata wotionetsa malo anandiyankha mwaulemu. "Ayi bambo, uyu ndi Malawisaurus. Mafupa ake anafukulidwa ku Mwakasyunguti, konkuno ku Karonga, ndipo anakhalako zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo."

Funso langa loyamba la munthu wophunzira linali lakuti nyama yake ingakwane maukwati angati. Mnyamatayo anati nthawi imeneyo kunalibe munthu woti n'kusenza mpeni. Anawonjeza kuti chimphona chonsecho chinkadya masamba okhaokha.

Kenako anatifotokozera za chibwano cha munthu wamakedzana chimene chinapezeka ku Uraha mu 1991, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Ndinayendetsa lilime m'kamwa mwanga mwakachetechete. Mkulu ameneyo sanaonepo mswachi, koma mano otafunira anasunga bwino kuposa ine. Za Mlozi, wogulitsa akapolo amene ananyongedwa mu 1895, ndi za nkhondo ya Angelezi ndi Ajeremani ya mu 1914, ndinazimva lilime likadali pa ntchito yowerenga mipata.

Cholakwa changa chachikulu ndinachichitira kunyumba. M'malo mongopereka mpunga wa Kilombero n'kukhala chete, ndinayamba kuphunzitsa banja lonse sayansi, osaiwala zoti chinyamacho chinanenepa ndi masamba.

Mayi a kunyumba anamvetsera bwino kuposa ana. Lolemba nkhwani, Lachiwiri chigwada, Lachitatu bonongwe. Nditadandaula kuti mwamuna amafunika kankhuku, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Bambo a ana, chinyama chanu chija chinakula chotero ndi nkhuku zingati?"

Tsopano alendo akatsika minibasi ndimangowalozera kumene kuli msika. Pakamwa ndiye ndapumitsadi.